Khosi la Akulu

Mayi wokolopa ndiye anayamba kuona kuti mutu wa Akulu wapotoka. Akulu linali dzina la mafupa enieni a munthu amene anaimikidwa pakona ya kalasi pasukulu ya anamwino, olumikizidwa ndi waya kuyambira chigaza mpaka zala za kumapazi. Madzulo alionse ophunzira akaweruka, mayiyu ankapukuta fupa lililonse palokha, mwana wake ali kumsana. Kwa zaka ziwiri Akulu ankayang'ana kubolodi, koma Lolemba limenelo anali atatembenukira kukhomo, ngati akudikira wina.

Lachiwiri panasowa nthiti imodzi ya kumanzere. Lachitatu nthitiyo inabwerera, koma m'khosi munachoka mafupa awiri.

"Amake mwana," mlonda anamunong'oneza pachipata, "m'kalasi mwanumo simuli bwino. Magetsi akangozima kumamveka gobede, gobede, kenako khwee pansi, ngati munthu woyenda wopanda nsapato. Ndikawalitsa tochi, kuli zii."

"Osalowa bwanji, abambo?"

"Ndilowe ine? Anandilemba yolondera amoyo."

Mphekesera zinafalikira msanga. Ena ankati mwini mafupawo watopa kuima, akufuna manda. Koma ambiri ankaloza wokolopa, kuti akugulitsa mafupa kwa anthu a zizimba.

"Amayi, nthiti ija msuzi wake unakoma?" mtsikana wina anakuwa pakhonde, anzake n'kufa nako kuseka.

Tsiku lomwelo mayiyu anapeza nsagwada ya Akulu itaikidwa pansalu imene ankagonekapo mwana. Anaibwezera m'malo mwake.

Lachinayi mphunzitsi wamkulu anamuitana. "Kiyi ya kalasiyi tili nayo awiri, inu ndi ine. Mawa kuli mayeso a mafupa. Ndikapeza chosowa kapena chosokonezeka, ntchito yanu yatha."

Madzulo amenewo mayiyu sanapite kwawo. Anadzitsekera m'kalasimo, n'kukhala kuseri kwa kabati, mwana ali kubere kuti asalire. Mdima unadzaza chipinda pang'onopang'ono, mpaka kunangotsala mafupa oyerawo, mbuu pakona. Mphepo yolowera pansi pa chitseko inkagwedeza nthiti, zikugundana ngati supuni m'kapu. Kenako zenera la kumbuyo linalira, kwiii, ndipo phazi lopanda nsapato linatera pasimenti yomwe iye anakolopa.

Anali atsikana awiri, kathumba m'manja. Wina anali wofunsa za msuzi uja, mwana wa mchimwene wake wa mphunzitsi wamkulu. Ankatenga mafupa kukawaloweza kogona.

"Ili linali pati?" mnzake ananong'ona.

"Ingokoloweka paliponse, iwe. Onse ndi ofanana."

"Nanga azakhali ako akazindikira?"

"Wokolopa alipo, akudyeranji malipiro?"

Anaseka atagwira pakamwa, n'kutulukira pazenera pomwepo.

M'mawa, kalasi itadzaza, mayiyu anafotokoza zonse. Mtsikana wa msuzi uja analira mokweza, akulumbira kuti usiku wonse anali m'bulangete.

"Umboni wanu uli kuti?" mphunzitsi anafunsa.

"Aphunzitsi, onani mmene awaikira. Ine sindingalakwitse chonchi."

Anakweza nsalu yoberekera mwana, n'kuchotsa chigaza mosamala. "M'khosi muli mafupa asanu ndi awiri. Loyamba ndi ili looneka ngati mphete, ndi limene limasenza mutu. Lachiwiri ndi ili la dzino. Mphete imazungulira pa dzinoli munthu akamakana ndi mutu. Iwo awasinthanitsa." Anawabwezera bwinobwino, zala zake n'kutsikira pachifuwa. "Nthiti ndi khumi ndi ziwiri mbali iliyonse. Zisanu ndi ziwiri zimafika pa fupa la pachifuwa, zitatu zimagwira zinzake, ziwiri za pansi zimangolendewera. Iyi yaifupi ndi ya pansi, iwo aiika pamwamba."

Mphunzitsi anayang'ana mafupawo nthawi yaitali, kenako mwana wa mchimwene wake, kenako mayiyo.

"Sukulu munalekeza kalasi yanji?"

"Yachisanu, aphunzitsi."

"Yachisanu. Ana awa awerenga mabuku miyezi isanu ndi umodzi, koma akulephera. Inu mwadziwira kuti? Munthu wosaphunzira sadziwa mafupa a mnzake chonchi, pokhapokha ngati anazolowera kuwagwira kwina."

Okhala kutsogolo anakokera mipando yawo kumbuyo.

"Ndimangowapukuta fumbi, aphunzitsi. Mwanayu adya chiyani?"

"Siyani kiyi patebulo. Musandipatse m'manja."

Mlonda anatsegula chipata ataima patali, maso ali pansi. Mayiyu atangotuluka, anamva mapazi akuthamanga m'mbuyo mwake. Anali mtsikana uja, misozi itauma kale, cholembera chili m'manja. Anasuzumira pakati pa zitsulo za chipata.

"Amayi, mwachangu, mayeso akuyamba. La dzino lija mwati ndi loyamba kapena lachiwiri?"