Batani Lofufutira

Madzulo amenewo panalibe chachilendo. Aphunzitsi anagoneka mwana, anatsuka mbale, kenako anatsegula laputopu ya malemu amuna awo pa tebulo la pabalaza. Panali patapita milungu isanu chiikireni maliro.

Amuna awo anali a zamagetsi, ndipo anagwa pansanja ali pa ntchito. Nyumba imene ankakhalamo inali ya kampani. Masana a tsikulo bwana wa kampaniyo anabwera, anapepesa mwaulemu, nanena kuti nyumbayo akhoza kukhalamobe mpaka mwana atamaliza sukulu. Chofunika chinali kalata imodzi yokha, yotaipa bwino, yofika ku ofesi mawa lake m'mawa, yonena kuti tsiku la ngoziyo malemu anachoka pakhomo atamwa mowa.

Malemu sankamwa mowa. Aphunzitsi ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso kuti alibe kwina kopita ndi mwana.

Analemba deti, analemba malonje. Atangofika pa mawu akuti "amuna anga anachoka pakhomo atamwa," zilembo zinayamba kufufutika. Zinachoka zitatu. Kamzere kothwanima kosonyeza polemba kanaima. Zinachokanso zitatu.

Aphunzitsi si munthu wothamangira za mizimu. Anaimbira foni mlongo wawo, yemwe amadziwako za makompyuta.

"Achimwene, batani lofufutira likudzidina lokha."

"Ndi nyenyeswa zimenezo, achemwali. Alamu aja ankadyera pamenepo ngati pa mbale. Musathamangire kwa okonza, akuuzani kuti mugule kiyibodi yatsopano, mtengo wake mukomoka nawo. Izimitseni, muitembenuze, muigwedeze."

Anatero. Panagwa fumbi, nyenyeswa za buledi, ndi katsitsi kamodzi ka imvi. Anakayang'ana katsitsiko nthawi yaitali asanakachotse patebulo. Anadutsitsa mswachi wakale pakati pa mabatani, anayatsanso. Analemba dzina la mwana, linakhala. Analemba masiku a sabata, anakhala. Analemba chiganizo chija. Chinayamba kutha, zitatuzitatu.

"Zulani batanilo," anatero mlongo uja atamuimbiranso. "Pang'onopang'ono, pansi pake pali timapulasitiki tosachedwa kuthyoka. Mupukute ndi thonje la sipiriti."

Analizula ndi nsonga ya mpeni, naliika pa sosa. Pansi pake panali poyera. Anapukutabe. Sizinasinthe kanthu.

"Ndiye kuti kiyibodi yonseyo yafa. M'bokosi la alamu muli ina ya chingwe, ndinaionamo. Koma muyambe mwamasula timasikuluwu ta kunsi, musolole kalamba kopyapyala kamene kamalumikiza kiyibodi ya mkatiyo. Mukakasolola, ithera pomwepo. Ngakhale mutaipondapo, siilemba, siifufuta."

Ntchitoyo inawatengera pafupifupi ola. Timasikuluwu anatindandalika pa sosa pambali pa batani lija. Kalamba kanatuluka bwinobwino. Anayesa mabatani onse a laputopuyo, limodzilimodzi. Zii. Anapuma mozama, analumikiza kiyibodi ya chingwe, nalemba kalata yonse kuyambira pamwamba.

Chiganizo chija chinakhala. Anawerenga kawiri. Anayamba kutambasula dzanja kuti asunge kalatayo m'makinamo.

Ta. Ta. Ta.

Nthawi ino panali phokoso. Silinachokere pa kiyibodi ya chingwe. Linachokera pakona ya laputopu, pamene panatsala kabowo kopanda batani. Pa sikirini zilembo zitatu zinali zitachoka.

Ta. Ta. Ta.

Apa m'pamene Aphunzitsi anakumbukira. Anthu ambiri akafuna kufufuta mzere amangolikanikiza batanilo mpaka mawu atathawa onse. Malemu ayi. Ankati kutero n'kuwononga makina. Ankalidina katatu, n'kuima, n'kuyang'ana, n'kulidinanso katatu. Usiku wina uliwonse akamalemba malipoti a ku ntchito, Aphunzitsi ankawaseka ali kuchipinda: "Kodi bambo, mukugogoda pakhomo pa yani?"

Anazula chingwe. Anazimitsa laputopu, naitseka, nachotsa batire lake. Mutu unkagwirabe ntchito. Ngati makina akana, pepala lilipo. Bwana akataipitsa yekha. Anatenga cholembera, analemba deti, analemba malonje. M'nyumba munali chete, kupatula kupuma kwa mwana kuchipinda. Analemba "amuna anga anachoka pakhomo."

Ta. Ta. Ta.

Laputopu inali yotseka, yozima, batire lake lili pambali.

Anaika cholembera pansi. Sanaimbirenso mlongo wawo. Anakhala pampando womwewo, nyali ili chiyakire, mpaka kunja kunayera. Phokosolo silinamvekenso.

M'mawa anapita nayo laputopuyo kwa wokonza makompyuta wa pamsika, bambo wachikulire wa magalasi ochindikala. Atamufotokozera vutolo, bamboyo anaitsegula, anasuzumira.

"Wasolola kalambaka ndani, mayi?"

"Ine."

"Mwaigwira bwino ntchitoyo, mundilanda malo. Koma ili chonchi singafufute kanthu. Kiyibodi yosalumikiza ndi thabwa chabe."

Anabwezera kalamba, anabwezera batani, analemba mizere ingapo. Zonse zinali bwino.

"Mwina ndi pulogalamu ina inasokonezeka," anatero, koma mawu ake analibe mphamvu. Anawatembenuzira laputopuyo. "Talembani zimene mumalemba usiku zija, tione."

Aphunzitsi anaika zala pa mabatani. Anazichotsa.

"Ayi, bambo. Basi. Ndi zingati?"

"Ndikulipiritseni chiyani? Palibe chimene ndakonza."

Kalata ija sinafike ku ofesi. Kumapeto kwa mweziwo Aphunzitsi ndi mwana anasamukira m'chipinda chimodzi kwa mlongo wawo. Mlongoyo mpaka lero amati chinali chinyontho m'kati mwa makina. Anthu a m'nyumba zoyandikana amanong'onezana zina, ndipo monga mwa masiku onse amawonjezera: ena amati nyali inazima, ena amati pampando panaoneka munthu. Zimenezo Aphunzitsi amazikana. Sanaone aliyense.

Laputopuyo amalembera mayeso a ana asukulu, ndipo sinavutenso. Chokhacho n'chakuti akalakwitsa mawu, salikanikiza batanilo. Amalidina katatu, n'kuima, n'kumvetsera.