Husna Adzutsa Abiti Chitsulo

Husna ndi mtsikana wa ku Kalembo. Amakhala ndi amayi ake. Amakhalanso ndi mlongo wake wamng'ono, Yunusu. Husna ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kumva galimoto ya bambo ake ikulira.

Galimotoyo inali pakhomo, mkati mwa mpanda. Inali Datsun yakalekale. Inali yobiriwira ngati tsamba la chinangwa. Kumbuyo kwake ankanyamulirako thonje. Bambo ankaikonda kwambiri. Anaipatsa ndi dzina lomwe. Ankaitchula kuti Abiti Chitsulo.

Bambo akamakonza galimoto, amayi ankagwira sipanala. Husna ankagwira kansalu kopukutira. Amayi anaphunzira kukonza. Anaphunziranso kuyendetsa.

Kenako bambo anadwala. Galimoto inaima. Bambo anamwalira. Galimoto inakhala chete. Nkhuku zinayamba kugona pansi pake.

Amayi anali pa eda. Eda ndi nthawi imene mayi wachisilamu amakhala pakhomo amuna ake akamwalira. Sapita kumsika. Sapita ku ukwati. Amakhala pakhomo mpaka nthawi yake itakwana.

Tsiku lina kunabwera Che Mahmudu. Che Mahmudu ndi mng'ono wawo wa bambo. Anachokera ku Chikweo. Pa maliro analira pang'ono. Pa galimoto anayang'ana kwambiri.

"Asalamu alaikumu, alamu," anatero Che Mahmudu.

"Wa alaikumu salamu," anayankha amayi ali pakhonde.

Che Mahmudu anagogoda boneti. Go, go, go! Anaponda tayala ndi phazi.

"Ichi chafa," anatero. "Lachisanu ndibwera ndi Bizwick wogula zitsulo. Adzachidula."

Amayi anaimirira.

"Wailesi munatenga. Ndinakhala chete. Jekete munatenga. Ndinakhala chete. Iyi iyayi. Iyi ndi ya ana."

"Ana atani nacho chitsulo chakufa?"

"Sinafe. Yagona."

Che Mahmudu anaseka. "Chabwino, alamu. Ikalira, ndiisiya. Ikapanda kulira, ipita."

"Mwanena nokha," anatero amayi. "Husna wamva. Nkhuku zamva."

Che Mahmudu anapita. Husna anagwira nyali ya galimoto. Inali ndi fumbi.

"Amayi, adzaiduladi?"

"Usalire. Misozi siimasula mabawuti. Katenge masipanala."

Husna anatenga masipanala.

"Tamvera," anatero amayi. "Ine sindituluka pano. Manja ndi anga. Miyendo ndi yako."

Amayi anatsegula boneti. Eee! M'kati munali chisa cha makoswe. Munali thonje. Munali makoko a mtedza. Dzanja la amayi silinalowe pakati pa mapaipi. Dzanja la Husna linalowa. Husna anachotsa thonje. Anachotsa makoko. Anapeza waya woduka.

"Makoswe opanda ulemu," anatero amayi. "Chimanga chili m'nkhokwe, iwo akudya waya."

Amayi analumikiza wayayo. Anamukulunga bwinobwino.

M'mawa mwake amayi anakhutula oyilo wakale. Anali wakuda bii! Anamasula mapulagi. Mapulagi ndi timene timayatsa moto mu injini. Husna anawakwecha ndi burashi ya waya. Kwecha, kwecha, kwecha. Mapulagi anayera.

Batire linalibe moto. Husna analimanga panjinga. Anapalasa mpaka ku Ulongwe. Analisiya kotchajira. Anagula oyilo. Anagula petulo m'kachigubu. Anapalasa kubwerera.

Manja a amayi. Miyendo ya Husna.

Paipi ya madzi inali yong'ambika. Husna anapalasanso. Anabwera ndi paipi yatsopano. Anabweranso ndi batire lodzaza moto. M'thumba mwake munali kasefa kakang'ono koonekera m'kati.

"Aka n'kachiyani?" anafunsa Yunusu.

"Kamasefa petulo," anatero amayi. "Dothi limatsalira umu. Bambo ako sanaikepo aka. Aka taika ndife."

Manja a amayi. Miyendo ya Husna.

Yunusu naye anagwira ntchito. Anapopa matayala. Fu, fu, fu! Anatopa. Anapuma. Anapopanso. Abiti Chitsulo anadzuka pang'ono kuchoka m'dothi.

Mpando unali wong'ambika. Amayi anasokerapo chitenje cha maluwa achikasu. Husna anatsuka magalasi. Nkhuku zinasamuka zikudandaula.

Linafika Lachinayi. Amayi anakhala pa chiwongolero.

"Bisimilahi," anatero.

Anapotokola kiyi. Kanyali kofiira kanayaka. Husna anadumpha.

Ke! Ke!

Basi. Injini sinalire.

Amayi anayesanso. Ke! Ke!

"Sitata," anatero amayi. "Kamakina kodzutsa injini. Kanali kodwala kale. Tsopano kafa."

"Ndikagule kena?"

"Ku Ulongwe kulibe. Ku Balaka amachita kuitanitsa. Lachisanu ndi mawa."

"Nanga titani?"

"Tiikankhe. Matayala akathamanga, injini idzuka."

Husna anaitana Mayi Esther. Mayi Esther ndi oyandikana nawo nyumba. Anabwera ndi ana awo. Onse anakankha. Galimoto inasuntha. Koma bwalo linali laling'ono. Kutsogolo kunali nkhokwe. Amayi anaponda buleki.

Anaikankhira kumbuyo. Kumbuyo kunali khola la mbuzi. Amayi anapondanso buleki.

Mayi Esther anapukuta thukuta.

"Achemwali, bwalo lachepa. Tiitulutsire kumsewu. Kuli mtsetse wabwino."

"Ayendetse ndani? Pamudzi pano wodziwa ndine ndekha."

"Ndiye yendetsani. Ndi apa pomwe. Palibe aone."

"Mulungu aona," anatero amayi. "Nanenso ndiona. Ndili pa eda ya amuna anga. Sindituluka."

Mayi Esther anagwedeza mutu. "Pepani, achemwali. Ndalankhula mofulumira."

Onse anakhala pansi. Abiti Chitsulo anakhalabe chete.

Amayi anapatsa Husna lichero.

"Galimoto siidyedwa. Pita kudimba ukathyole mpiru."

Husna anapita. Ankayenda pang'onopang'ono. Mtima unali kuwawa.

Kudimba anapeza Che Hamadi. Che Hamadi amalima tomato. Ali ndi pampu ya injini yothirira madzi. Husna anaima. Anayang'ana.

Che Hamadi anakulunga chingwe pa kagudumu ka injini. Anakoka mwamphamvu. Pu, pu, pu, pu! Injini inalira. Madzi anatuluka.

Pampu sinasunthe. Palibe anaikankha. Inalira ili pamalo amodzi.

Husna anathamanga. Mpiru anaiwala.

"Amayi! Amayi!"

"Ndiwo zili kuti?"

"Amayi, pampu ya Che Hamadi saikankha. Amakoka chingwe basi."

"Galimoto si pampu. Ilibe pokulunga chingwe."

Husna anazungulira galimoto. Anayang'ana kutsogolo. Anayang'ana kumbuyo.

"Amayi, tikamakankha, chimazungulira n'chiyani?"

"Matayala."

"Matayala ndi amene amadzutsa injini?"

"Eya."

"Ndiye tinyamule tayala limodzi m'mwamba. Tilikulunge chingwe. Tikoke."

Amayi anayang'ana Husna. Anayang'ana tayala lakumbuyo. Anayang'ananso Husna.

"Iwe," anatero amayi. "Mutu uwu si wa mpiru. Mawa m'mawa undipezere jeke. Koma mpiru ukatengebe."

Lachisanu kunacha bwino. Amayi anaika miyala ikuluikulu ku matayala atatu. Anakweza tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke. Anaikanso chitsa cholimba pansi pa galimoto.

"Palibe wolowa pansi," anatero amayi. "Yunusu, wamva?"

"Ndamva."

"Ukalowa, ndikukoka khutu."

Husna anabweretsa chingwe cha pachitsime. Chinali chachitali. Anachikulunga patayala. Kulunga, kulunga, kulunga. Sanamange mfundo. Chingwe chikatha, chiyenera kuchoka chokha.

Mayi Esther anabwera. Ana awo anabwera. Onse anagwira chingwe. Amayi anakhala pa chiwongolero. Anayatsa kiyi. Analowetsa giya yaikulu.

"Kokani!" anakuwa Husna.

Anakoka. Tayala linazungulira.

Bu.

Husna anakulunganso chingwe.

"Kokani!"

Bu, bu.

Anayesa. Anayesanso. Dzuwa linakwera. Manja anayamba kupweteka. Amuna anatuluka ku mzikiti.

Pachipata panaoneka Che Mahmudu. Pambuyo pawo panali Bizwick. Bizwick ananyamula sowo ndi nyundo yaikulu.

Che Mahmudu anaona chingwe. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, mukutunga madzi m'galimoto?"

Amayi anagwiritsa chiwongolero. Anangoyang'ana kutsogolo.

Husna anakulunga chingwe.

"Kokani!"

Bu, bu, bu, khofo!

Utsi wakuda unatuluka kumbuyo. Injini inazimanso.

Bizwick anaika nyundo pansi. Anaika sowo pansi. Anayandikira. Anasisita boneti.

"Yatsokomola iyi," anatero. "Bwana, ine ndimadula zakufa. Chotsokomola sindidula."

Bizwick anapinda malaya. Anagwira chingwe.

"Kokani!"

Bu, bu, bu, bu, khofo, khofo!

Inatsala pang'ono. Koma inazimanso.

"Patsala munthu mmodzi," anatero Mayi Esther akupuma wefuwefu.

Husna anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Aliyense anali pachingwe. Amene sanagwire anali Che Mahmudu okha.

Husna anakulunga chingwe. Anatenga nsonga yake. Anayenda nayo mpaka pamene anaima Che Mahmudu. Anagwada pang'ono.

"Ababa, gwirani apa."

"Ine?"

"Eya, inu. Bambo akanakhalapo, akanakoka. Kulibe. Ababa amene ndatsala nawo ndinu."

Che Mahmudu anasiya kuseka. Anayang'ana chingwe. Anayang'ana Husna. M'manja mwa Husna munali matuza.

Che Mahmudu anavula nsapato. Anagwira chingwe.

"Tanena, mwanawe."

"Kokani!"

Anakoka onse. Anakoka ngati akuzula chitsa. Chingwe chinatha. Chinachoka patayala. Onse anagwa pansi, khu! Miyendo m'mwamba. Chisoti cha Che Mahmudu chinagwera ku khola la mbuzi.

Bu, bu, bu, brrrrrrrr!

Abiti Chitsulo analira!

Amayi anaponda kilachi msangamsanga. Anachotsa giya. Tayala linaima. Injini sinaime. Inalirabe. Brrrrrr.

Mayi Esther anaimba nthungululu. Yunusu anavina. Mbuzi zinathawira pakona.

"Alihamudulilahi," anatero amayi chapansipansi.

Che Mahmudu sanadzuke msanga. Anakhala m'fumbi momwemo. Anamvetsera.

"Kulira kwake ndi komweku," anatero. "Ikamabwera ku Chikweo pa Idi, tinkaimva isanaoneke. Tinkati, achimwene afika."

Anapukuta m'maso ndi dzanja. Nthawi iyi analira zenizeni.

"Alamu, ikhale. Ndi ya ana."

"Ikhala," anatero amayi. "Tsitsani jeke. Musangoima."

Che Mahmudu anachotsa chitsa. Anatsitsa jeke. Bizwick anachotsa miyala.

"Sitata ya galimoto ngati iyi ndinaionapo pa zitsulo zanga," anatero Bizwick. "Ndikayang'ana. Manja a mwanayu apume."

Amayi anatsegula chitseko.

"Husna, kwera. Yunusu, kwera."

Husna anakhala pa chitenje cha maluwa achikasu. Mpando unkanjenjemera pang'ono. Yunusu anakhala pakati.

"Tikupita kuti, amayi?" anafunsa Yunusu.

"Gwiritsa. Uona."

Galimoto inayenda pang'onopang'ono. Inadutsa khonde. Inadutsa nkhokwe. Inafika pachipata. Amayi anaponda buleki. Matayala anaima mkati mwa mpanda.

"Tafika," anatero amayi.

"Apa pokha?" anatero Yunusu.

"Apa pokha. Wosakhutira atsike."

Palibe anatsika.

Amayi anabweza galimoto m'mbuyo mpaka ku khola. Mbuzi zinawayang'ana.

"Tipitenso!" anatero Husna.

"Liza hutala kaye. Pali nkhuku pamsewu."

Husna anadina hutala ndi manja onse awiri. Piiiip!

Amayi anaseka. Husna anali asanawamve akuseka chimwalirireni bambo.

Ndipo anapitanso kuchipata.