Tsiku Limene Elube Anatsuka Mwendo

Mwendo unakana kulowa. A Goliati anakankha kachitatu, thukuta lili kamukamu, koma chikho chachikopa cha pamwamba pa mwendo wawo wamtengo chinali chitakwinyika n'kuuma gwa.

Mwana wawo Elube anaima kuseri kwa chitseko, akumvetsera. Wolakwa anali iyeyo. Bambo akewo anabwera nawo mwendowu pochokera ku nkhondo ya ku Bama, ndipo sankalola munthu kuugwira kapena kuwaona akuuvala. Koma dzulo lake, iwo atagona masana, Elube anamva kuti ukununkha thukuta. Mwana wakhama uja anautsuka ndi madzi otentha ndi phulusa, n'kuuyanika pathandala ngati mbale, padzuwa la Okutobala. Ukhondo wina umapweteketsa.

Tsoka lake, mawa lake a Goliati ankayenera kuyamba ntchito yokupiza mbendera pasiteshoni ya sitima ya ku Balaka, ndipo kapitawo anali atanena mosapsatira kuti munthu woyendera ndodo samulemba.

Amayi anati mwina chikopacho chauma ndi chilimwe. Mpata wothawira unali umenewo, koma Elube atamva bambo ake akulimbanabe ndi mwendowo, anagwada pakhomo n'kuulula zonse. Anadikira mbama. M'malo mwake anauzidwa kuti asenze mwendowo, apite limodzi ndi bambo akewo kwa Che Bakari, wosoka nsapato kumsika.

Che Bakari anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka ananyika chikopacho m'madzi ofunda, n'kuchifinya ndi zala kwa nthawi yaitali, akupaka mafuta a nsatsi. Chitafewa anati chivalidwe chisanaume, kuti chitengenso maonekedwe a mwini wake. Elube anafuna kutuluka.

"Iyayi, khala," anatero bambo ake. "Wayamba kale ntchitoyi, uione mpaka pothera."

Anzake a kusukulu ankati azungu amakhomerera mwendo wotere kufupa ndi misomali, ndipo iye ankakhulupirira. Tsopano anaona yekha. Mwendo wa bambo ake unathera pansi pa bondo, pali chipsera chosalala. Anauveka masokosi awiri aubweya, n'kuulowetsa m'chikho muja pang'onopang'ono, akuluma mano. Chikopa china chinakuta ntchafu, chili ndi timabowo ta zingwe ngati nsapato. Lamba anachokera pamenepo kukagwira m'chiuno. Basi, panalibe msomali ngakhale umodzi.

"Zingwe zokhazi ndi zimene zimakunyamulani?" anafunsa Elube chapansipansi. Anachita nthumanzi, koma maso sanawachotsepo.

Che Bakari anamugwiritsa zingwezo n'kumuuza kuti ayambire pansi kukwera m'mwamba. "Ukakoka kwambiri, mwanangu, magazi sayenda. Ukalekerera, mwendo utsala pamsewu, bambo ako ali kutsogolo."

Elube anamanga, anamasula, anamanganso, mpaka chala chimodzi chokha n'chimene chinkalowa pakati pa chikopa ndi ntchafu. A Goliati anaimirira. Anaponda kamodzi, kawiri, n'kumupatsa mwanayo ndodo zawo kuti anyamule. Ulendo wonse wobwerera anayenda okha, chikopa chikuumira pathupi.

M'mawa kutacha anamuitana. "Iwe wotsuka miyendo, tabwera udzamange."

Elube anawaperekeza mpaka kusiteshoni n'kuima kuseri kwa mpanda. Sitima ya ku Limbe inatulukira ikufuka utsi, nthaka ikunjenjemera. Bambo ake anakweza mbendera yofiira, ndipo chitsulo chonse chija chinaima, chikumvera munthu woimirira pa zingwe zimene iye anamanga.