Bemberezi wa mu Kabenchi ka Ada

Ada anali ndi kabenchi. Kabenchi kamatabwa. Ankakakonda zedi!

Chaka china likulu la dziko linkasamuka. Linachoka ku Zomba. Linapita ku Lilongwe. Adadi ake a Ada ankagwira ntchito m'boma. Nawonso anasamuka. Mipando inakwera lole. Mapoto anakwera lole. Kabenchi nakonso kanakwera!

Nyumba yatsopano inali ku Area 10. M'mawa Ada anakhala pa kabenchi pakhonde. Kabenchi kanalira. Vuuu! Vuuu!

"Amama! Benchi ikuyimba!"

Mchimwene wake Orton anathamanga ndi kapu.

"Njuchi izo! Lero tidya uchi!"

Anatchera kapu pansi pa benchi. Anadikira. Anadikirabe. M'kapu munangogwa tizinyenyeswa ta thabwa, kkkk!

Adadi anatuluka ndi palafini ndi machesi.

"Chokanipo ana inu. Njuchi zikachuluka zitiluma tonse. Benchi iyi ndiwotcha."

Ada anagwira kabenchi kake.

"Adadi, dikirani kaye. Ndione kaye."

Ada anagona chafufumimba. Anasuzumira pansi. Anaona kabowo kamodzi. Kabowo kozungulira bwinobwino.

Kenako chinthu china chinatuluka! Chachikulu. Chakuda. Chonyezimira. Kumsana mizere yachikasu. Orton anataya kapu. Anabisala kuseri kwa amama, eee koma mantha!

"Si mavu amenewo?" anafunsa amama.

"Ayi amama," anatero Ada. "Si mavu. Mavu chiuno chawo n'chowonda. Uyu ndi wonenepa. Chiuno alibe!"

Amama anaseka.

Chija chinauluka. Vuuu! Chinapita pa maluwa a kwa aneba. Chinabwerera ku kabowo komweko.

"Ndiye ndi njuchi," anatero adadi.

"Ndi m'bale wa njuchi, adadi. Onani miyendo yaubweyayo. Onani mungu watengawo. Banja lawo ndi limodzi. Koma uyu ndi bemberezi. Ku Zomba aphunzitsi anationetsa."

"Nanga anzake ali kuti?"

"Alibe gulu. Amaboola thabwa yekha. Amakhala yekha. Uchi sapanga."

"Sapanga?" Orton anakwinya nkhope. "Ndiye waulesi!"

"Waulesi ndiwe! Iwe ungaboole thabwa ndi kamwa?"

Adadi anagwada. Anayang'ana kabowo. Anadikira gulu lituluke. Anadikira. Anadikirabe. Sipanatuluke wina.

"Saluma?" anafunsa adadi.

"Mukamugwira aluma. Ndiye musamugwire."

Adadi anaika machesi m'thumba. Ananyamula kabenchi pang'onopang'ono. Anakaika pamthunzi kuseri kwa nyumba.

Aneba, a Maynard, anasuzumira pampanda.

"Kwagwanji, achimwene? Njuchi?"

Adadi anatukumula chifuwa.

"Si njuchi wamba. Ndi bemberezi. Onani miyendoyo, onani..." Anakanda mutu. "Ada, tawafotokozera iwe."

Ada anaima chilili. Anafotokoza zonse. Sanaphonye n'chimodzi chomwe.

"Mwana wanga ameneyo!" anatero adadi mokweza.

Ada anakhala pa kabenchi kake. Iye pamwamba, bemberezi pansi. Vuuu!