Mawu a Kumanzere kwa Mlatho

Atelala anafunditsa makina awo dzuwa litalowa, akazi awo asanabwere. Mayiwo anali atapita kuchipatala masana kukawatengera mapiritsi a khunyu, amene anawaleketsa kugwa kwa chaka chathunthu. Mankhwalawo anali abwino, inde, koma ubwino wa mbava yopereka moni. Mwezi ndi mwezi maso a atelalawo ankaona zakutsogolo zokha, ngati munthu wosuzumira m'paipi. Ulusi pa singano ankalowetsa bwinobwino, ndiye akanadandaula chiyani? Akagunda chitseko ndi phewa ana ankaseka, iwo n'kuseka nawo. Adokotala anali atatchula zokapimitsa maso, koma anatchula akuitana kale wodwala wina.

Atelala anatenga tochi n'kulowa mumsewu kukawachingamira akazi awo. Kunali zii. Atafika pamlatho anamva kupuma kumanzere kwawo. Anaima. Kupumako kunalekanso. Anayendetsa diso osatembenuza mutu. Mdima wokhawokha.

"Atelala."

Mawuwo anali osasa, ochokera pansi, osadziwika ngati a mwamuna kapena a mkazi. Atelala anakula akuuzidwa kuti chokuitana mumdima suchiyankha, ndipo sucheuka. Anaunika kutsogolo. Msewu unali mbee. Kenako chinthu chozizira chinawakhudza mwendo. Analiyatsa liwiro la mtondo wadooka mpaka pasiteji, n'kudikira basi yomaliza. Akazi awo sanatsikemo.

Anthu opita kuntchito ndi amene anawapeza mayiwo kutacha, m'ngalande ya pamlatho pomwepo, galimoto itawagunda n'kuthawa. Kathumba ka mapiritsi kanali m'manja. Kuchokera pamene atelala anaima panali mapazi awiri okha. Munthu wa maso athunthu akanawaona osacheuka n'komwe.

Adokotala, tsopano ali ndi nthawi yokwanira, anafotokoza modekha kuti mankhwala anapha m'mbali mwa maso, kuona kwa m'mbaliko sikudzabwereranso, komanso kuti mapiritsiwo sasiyidwa mwadzidzidzi. Powatonthoza anawonjezera kuti mayiwo anatsirizika nthawi yomweyo, dzuwa lisanalowe. Chitonthozocho chinawawa kuposa chilondacho.

Oyandikana nawo amanong'onezana kuti bamboyo analambalala mkazi wake ngati chitsa. Ena amati malemu ankangofuna kutsanzika. Atelala anangolankhula kamodzi, kwa mlamu wawo, akuchokera kumanda.

"Alamu, ngati anafa dzuwa lilipo, anandiitana ndani? Ngati anali moyo, ndinamuthawa ndine. Ndiuzeni, ndisankhe ziti?"