Kotone Achotsa Madzi mu Nkhono

Kotone anali mtsikana wa ku Obihiro, mzinda wa kutali kozizira kwambiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kumva abambo ake akuseka.

Abambo anali m'chipatala. Anakhalamo nthawi yaitali. Ana sankaloledwa kulowa. Pafoni, abambo ankalankhula motsitsa. Sankasekanso.

Pakhomo panali galimoto yogonamo. Inali ndi kama. Inali ndi mbaula. Inali ndi mipopi ya madzi. Abambo anaipatsa dzina loti Nkhono, chifukwa imayenda ndi nyumba yake. Komanso, kunena zoona, liwiro inalibe.

"Ndikachira, tidzapita kunyanja pa Nkhono," anatero abambo tsiku lopita kuchipatala.

Tsopano Nkhono inangoti duu. Masamba anadzaza padenga pake. Amayi sankaiyang'ana n'komwe.

Tsiku lina, Kotone anaona tizilombo toyera. Tinkauluka ngati thonje. Ku Obihiro, ngakhale mwana amatidziwa tizilomboti. Tikaoneka, ndiye kuti chipale chayandikira, madzi oundana aja ogwa kumwamba ngati ufa.

Kotone anathamangira kukhitchini.

"Amayi, tizilombo tija tabwera. Tiyeni tichotse madzi mu Nkhono."

Amayi anapitiriza kutsuka mbale.

"Ababa amati madzi akatsala, amaundana. Akaundana, mapaipi amaphulika."

"Ndikudziwa, Koto," anatero amayi. "Koma ine ndatopa. Akaphulika, aphulika. Tidzangoigulitsa."

Mtima wa Kotone unawawa. Nkhono ikapita, ulendo wa kunyanja wapitanso. Nanga abambo aziyembekezera chiyani?

Kotone anavala jekete. Anatuluka yekha. Kunja kunali mitambo. Mphepo inkaluma makutu.

Analowa mu Nkhono. Munali fungo la khofi wa abambo. Chipewa chawo chinali pa msomali. Kotone anachisisita, kenako anayamba ntchito.

Anatsegula mpopi wa kukhitchini. Anatsegula mpopi wa kubafa. Anatulutsa chigubu cha madzi akumwa. Anachikhuthula pa udzu.

Panatsala thanki yaikulu. Mpopi wake unali pansi pa galimoto.

Kotone anayala katoni. Anakwawa ndi sipanala m'manja. Anapotokola. Mpopi unakana. Anapotokolanso. Mpopi unakanabe.

Zala zinafiira. Zala zinauma. Kotone anayamba kulira. Analira chifukwa cha mpopi. Analira chifukwa cha abambo.

Kenako anaona mapazi. Anali mapazi a amayi.

"Mwana iwe, makani ngati abambo ako," anatero amayi. "Tasendera uko."

Amayi anagona pa katoni. Maso awo anali ofiira nawonso.

"Timapotokola chakuti?" anafunsa.

"Chakumanzere, amayi."

Kotone anagwira sipanala. Amayi anagwira sipanala. Anakoka limodzi. Mpopi unalira kwii. Madzi anatuluka, phwaa, mpaka m'khosi mwa amayi.

"Mayo ine, kuzizira kwake," anatero amayi. Koma sanachoke.

Anadikira madzi onse athe. Kenako anasesa masamba padenga. Anapopa matayala. Anapukuta magalasi.

Amayi anakhala pa mpando wa abambo. Analiza injini. Nkhono inatsokomola. Inatsokomolanso. Kenako inadzuka.

"Sindinaiyendetsepo," anatero amayi. "Manga lamba, Koto. Ugwiritse."

Nkhono inayenda pang'onopang'ono. Magalimoto onse anaipitirira. Ngakhale njinga inaipitirira. Koma inafika kuchipatala.

Amayi anaimba foni.

"Bambo a Kotone, tasuzumirani pawindo."

Windo linali m'mwamba. Katani inasuntha. Abambo anaonekera. Anali ataonda kwambiri. Kotone anamva chisoni.

Koma anatuluka ndi chigubu chija. Anachikweza m'mwamba. Anachizondotsa. Anachigwedeza. Sipanagwe ngakhale dontho.

Abambo anayang'ana chigubu. Anayang'ana Nkhono. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Pafoni panamveka kuseka. Kunali kuseka kwenikweni, kwa kale kuja.

"Mwandilanda ntchito, anthu inu," anatero abambo. "Thanki yaikulu nayonso?"

"Nayonso, ababa."

"Nanga waimika mokhota chonchiyo ndani?"

"Mukachira mudzaiwongola nokha," anatero amayi. Ankaseka uku akupukuta misozi.

"Ndichira," anatero abambo. "Nyanja itidikire."

Kanthu koyera kanagwera pa mkono wa Kotone. Sikanali kachilombo. Chinali chipale choyamba.

Kotone anagwira dzanja la amayi.

"Chigwe," anatero. "Nkhono ilibe madzi."