Chipewa Chachiwiri

Nyumba ya a Jailosi Namaona inali pa mzere wa nyumba za kampani, pakati pa minda ya tiyi kumunsi kwa phiri la Mulanje. Bambowa anayendetsa thirakitala ya pa esiteti kuyambira unyamata wawo osaphwanyapo ngakhale galasi. Akazi awo ankagulitsa nanazi ndi kalongonda pa msika wa Chitakale. Ana analipo awiri, Simon ndi mlongo wake wamng'ono Christobel, amene anali atangoyamba kuphunzitsa pa sukulu ina ya pulaimale cha ku Likhubula. M'nyumbamo munalibe chuma, koma sankadya asanapemphere, ndipo mwana akabwera ndi chinthu chotola ankamubweza kuti akafunefune mwini wake.

Simon ankakonda njinga zamoto kuyambira ali mwana. Njinga ikamadutsa kuseri kwa tiyi ankatchula mtundu wake pongomva kulira kwake. Atamaliza Folomu 4 anakhala pakhomo zaka zingapo, mpaka kampani ina ya ku Limbe inamulemba ntchito yogulitsa njinga moyendayenda. Ofesi analibe. Anamupatsa njinga yoonetsera kuti azipita nayo m'masiteji a akabaza ku Chitakale, Nkando, Limbuli mpaka ku Muloza, azikopa ogula, ndipo njinga ikafika azikaipereka yekha m'manja mwa mwini wake. Malipiro ake ankadalira njinga zimene wagulitsa.

Tsiku loyamba bambo ake anamuperekeza mpaka pamsewu.

"Ine kumunda kapitawo amandiona," anatero a Jailosi. "Nanga iwe kumene ukupitako azikakuona ndani?"

"Mulungu, ababa," anayankha Simon akuseka.

"Wayankha bwino. Usadzaliiwale yankho lakolo."

Ntchitoyo inali yabwino, ndipo palibe chifukwa choinyozera. Njinga zimene Simon ankagulitsa zinkanyamula odwala kuchokera kumene galimoto sifika, ndipo anyamata amene ankangokhala pansi pa mitengo anayamba kudyetsa mabanja awo. Komanso inali ntchito yowawa. Mafuta ankagula yekha. M'nyengo ya mvula ankatha mwezi wathunthu akunyowa m'misewu, osagulitsa ngakhale imodzi.

Njinga iliyonse inkabwera ndi zipewa ziwiri zoteteza mutu, china cha woyendetsa, china cha wokwera kumbuyo. Simon ankapereka zonse ziwiri.

Tsiku lina la msika ku Limbuli anakumana ndi a Pilato, amene anayamba kalekale ntchito yomweyo m'kampani yomweyo. Anali munthu wa jekete lachikopa ndi mafoni awiri.

"Mphwanga, njinga ikafika umapereka zipewa zingati?"

"Ziwiri, akulu, monga mmene zimabwerera."

"N'chifukwa chake nsapato zakozo zayasama ngati mlamba. Tayang'ana pa siteji apo. Wokwera kumbuyo amene wavala chipewa ndi uti? Azimayi amati chimawononga tsitsi, azibambo amati chimanunkha thukuta la anzawo. Chachiwiricho chimakathera pansi pa bedi, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Pamene tsidya ilo la malire, ku Milanje, amachilandira ndi manja awiri."

"Nanga si kuba kumeneko?"

"Kuba n'kulanda munthu chinthu chimene akuchifuna. Ichi akuchifuna ndani? Wogula akafunsa, umangoti kampani yasintha."

A Pilato sananame zonse. Okwera ambiri ankachikanadi chipewa, ndipo akabaza ambiri sankadziwa n'komwe kuti chachiwiri n'chawo. Chimene a Pilato sananene n'chakuti mutu wa wokwera kumbuyo ndi wofewa chimodzimodzi ndi wa woyendetsa, ndiponso kuti kukana chipewa ndi ufulu wa wokwerayo, osati wa wogulitsa.

Ulendo woyamba Simon anagulitsa chipewa ku Muloza akucheukacheuka. Ulendo wachiwiri anagulitsa akucheza. Posakhalitsa ankachotsanso masipanala ndi pampu. Ndalama yopezeka mosavuta siifuna kufika kunyumba, choncho inkathera m'mabala a pa Limbuli, kumene a Pilato ankati malonda enieni amakambidwira. Lamlungu anasiya kupita kutchalitchi, ati akabaza amapezeka bwino tsiku limenelo.

"Ukununkha mowa, Simon," anatero mayi ake akumupatsa madzi osamba m'manja.

"Ndi makasitomala, amayi. Munthu sungakane akakugulira."

"Makasitomala amamwera pakamwa pako?"

Mmodzi mwa amene anagula njinga kwa Simon anali Abdul, kabaza wa pa Chitakale, mnyamata wofatsa amene ankayendetsa ngati wanyamula mazira. Chifukwa cha kufatsa kwakeko, a Jailosi anagwirizana naye kuti azimunyamula Christobel m'mawa uliwonse kupita kusukulu. Abdul anali ataona njinga ya msuweni wake ku Thyolo, yochokera ku kampani yomweyo, ili ndi zipewa ziwiri.

"Chimwene, changa chachiwiri chili kuti?" anamufunsa Simon pa siteji.

"Chinatsalira ku Limbe. Chibwera."

"Ndimanyamula achemwali anutu."

"Ndati chibwera, aise. Ukufuna ndichite kuchiumba ndi dothi?"

Akabaza ena anaseka.

Madzulo ena a Jailosi anaitana ana awo onse pakhonde. Christobel anali atanena kuti akalandira malipiro akagula chipewa chakechake pa Chitakale.

"Usataye ndalama, iwe," anatero Simon. "Mlongo wa wogulitsa njinga n'kumakagula chipewa pa sitolo? Anthu andiseka. Ndikubweretsera chofiira Loweruka."

"Chofiira, achimwene? Ana akusukulu aziti kwabwera phwetekere."

"Phwetekere wamoyo," anatero a Jailosi osaseka. "Simon, wanena pamaso panga. Msewu wa ku Likhubula ndimaudziwa. Mvula ikagwa umaterera ngati therere."

"Loweruka, ababa."

Tinene chilungamo, Simon sanalinge zonama. Lachisanu anapereka njinga ku Nkando, n'kusunga chipewa chofiira, chatsopano, chili m'pulasitiki. Loweruka m'mawa anachimangirira kumbuyo kwa njinga yake. Koma anayamba wadzera ku Muloza, kumene munthu wa tsidya amene ankamugula zipewa anali kumudikira.

"Patarao, bwana wanga, lero mwabwera ndi chimodzi chokha? Chofiira ndiye chikufunidwa. Ndiwonjezera."

"Ichi chili ndi mwini wake."

A Pilato anali pomwepo. "Mwini wakeyo mutu wake uthawa? Sabata yamawa kubwera njinga zina."

Simon anamasula chingwe. Tsiku limenelo sanafike kunyumba. Loweruka lotsatira ananena kuti katundu wachedwa, linalo anati waiwala ku Limbuli. Christobel analandira malipiro ake, n'kugulira mayi ake nsalu ndi bambo ake nsapato za mvula.

Lolemba lina kunacha ndi mvula yowaza ya chiperoni, phiri lonse litabisala m'nkhungu. Abdul anafika pakhomo, n'kuvula chipewa chake.

"Aphunzitsi, lero valani ichi. Kukuterera."

"Nanga inu muona bwanji msewu mvula ikukulowani m'maso? Valani. Changa achimwene akubweretsa Loweruka."

Abdul sanathamange. Atatsala pang'ono kufika ku Likhubula, munthu wa njinga yakapalasa atasenza nkhuni anatulukira m'kanjira. Abdul anapinda pang'ono, tayala lakumbuyo n'kutsetsereka pa dothi lofiira. Anagwa monga mmene akabaza amagwera nthawi zambiri, kugwa kongodzuka n'kusasa matope. Abdul anadzukadi. Christobel sanadzuke. Mutu wake unali utamenya mwala wa m'mphepete mwa ngalande.

Uthenga unamupeza Simon masana ali m'bala ku Limbuli. Atafika kuchipatala cha pa boma anapeza mayi ake atakhala pansi m'khonde, atadzifunda chitenje kumutu. Bambo ake anali chiimire. Abdul anali pambali, chigongono atamumanga bandeji, chipewa chake chili m'manja. Chinali chitakalika kwambiri mbali imodzi.

Abdul sanakweze mawu. Anangoonetsa a Jailosi pokalikapo.

"Ababa, mwala womwewo unandimenya inenso apa. Ine ndili moyo. Chachiwiri ndakhala ndikufunsa mwana wanuyu kuyambira tsiku limene ndinagula njinga."

A Jailosi anatembenukira kwa Simon. "Zinkabwera ziwiri?"

Simon anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe. Zinkabwera ziwiri?"

"Inde, ababa."

"Nanga chofiira chija?"

"Ndinagulitsa."

Bambowo sanamumenye, sanamutukwane. Anakhala pansi pafupi ndi akazi awo, n'kunena motsitsa, "Unandiyankha bwino tsiku lija."

Nkhani inafala m'masiteji onse. Akabaza anayamba kufunsana za zipewa, ndipo kampani inatumiza anthu kudzatenga njinga yoonetsera ija. Simon anachotsedwa ntchito, ndipo m'boma lonse munalibe amene akanamukhulupiriranso ngakhale kumutuma mtedza. A Pilato anauza mabwana kuti mnyamatayo ankangomudziwa nkhope, ndipo mpaka lero akugulitsa njinga kwina.

Christobel sanamwalire. Anatuluka m'chipatala dzanja lamanja litafa, mwendo ukukokeka, mawu ambiri atamuthawa. Kusukulu kunapita mphunzitsi wina. Mayi ake anasiya msika kuti azimusambitsa ndi kumudyetsa. A Jailosi atapuma ntchito banja linatuluka m'nyumba ya kampani kupita kumudzi, ndipo anthu amati kuyambira tsiku la kuchipatala lija bambowa sanasekenso.

Simon anasiya mowa. Anabwerera kutchalitchi, anaima pamaso pa mpingo n'kuulula zonse, ndipo mpingo unamulandira. Ife timakhulupirira kuti Mulungu amakhululukira wolapa moona, ndipo sitikukayika kuti anamukhululukira. Koma kukhululukidwa sikunabweze dzanja la Christobel. Masiku ano Simon amalima chinangwa ndi kuthyola tiyi waganyu. Akaweruka amapeza mlongo wake atakhala pamkeka pakhonde, akuyang'ana kumsewu. Zambiri anaziiwala, ngakhale mayina a ana amene ankawaphunzitsa. Koma akangomuona mchimwene wakeyo nkhope yake imawala, n'kuyesetsa mpaka mawu atatuluka.

"Achimwene... Loweruka?"

Simon amayankha kuti inde, n'kupita kuseri kwa nyumba.

Achinyamata amene mukufuna ntchito yoyenda nokha, kutali ndi maso a bwana, ifuneni ndithu, ndi ntchito yolemekezeka. Koma musamvere munthu wokuuzani kuti chinthu cha mwini mungachitenge chifukwa iye sakuchifuna. Kuba ndi kuba, ngakhale wobedwayo asadziwe. Ndipo wakuba sasankha mutu umene tchimo lake lidzagwere. Simon ankaganiza kuti akubera anthu osawadziwa, koma anabera mlongo wake.